Zikomo nonse amene simunatope ndi funso langa

Lero chakwana chaka chimuikireni m'manda mwana wathu wachisamba kuno kwa Kamwendo, ku Mchinji. Adzukulu, amayi a Chigwirizano amene munagona pasiwa, ndi nonse amene munabwera ndi ufa ndi nkhuni, ine ndi mayi a kunyumba tikuti zikomo.

Koma pali ena amene anasenza katundu wosaoneka. Pamaliro paja munthu wina anandiuza kuti ndisalire chifukwa Mulungu nayenso anapereka Mwana wake. Ankafuna kunditonthoza, koma mawuwo anandilasa. Bambo wotani amene mtima wake umatsika pokhapokha mwana wake atakhetsa magazi? Miyezi isanu sindinapondeko kutchalitchi.

Abusa, zikomo kuti simunandikalipire. Munkabwera madzulo, tinkakhala pakhonde, ndipo munandiuza kuti funsoli silinayambe ndi ine. Mawu oti dipo pa Marko 10:45 anavutitsa akale, ena mpaka kuphunzitsa kuti dipolo linalipiridwa kwa Satana. Anselm, bishopu wamkulu wa ku Canterbury, amene anamwalira mu 1109, anakana zimenezo, nati mangawa a tchimo ndi oyenera kubwezedwa kwa Mulungu, ndipo wotha kuwabweza ndi yekhayo amene ali Mulungu komanso munthu. Mphunzitsi wina wakale, Peter Abelard, anati pamtanda tikuona chikondi chimene chimatembenuza mtima. Madoda awiri a mumpingo mwathu anatsutsana nkhaniyi pakhonde pomwepo mpaka tiyi kuzizira, wina atagwira Yesaya 53, wina Aroma 5:8. Madoda inu, mkangano wanuwo unandithandiza, chifukwa ndinaona kuti munthu angathe kufunsa ali m'kati mwa mpingo.

Chimene chinandimasula ine ndi 2 Akorinto 5:19, kuti Mulungu anali mwa Khristu. Sanaime patali n'kumaonerera. Analipo pamtandapo.

Zikomonso inu achimwene a Chikatolika oyandikana nafe nyumba, amene munanditenga ku Njira ya Mtanda pa Lachisanu Loyera ngakhale ndine wa CCAP. Panjira yonseyo simunandilalikire. Titafika pamene amayi Maria akulandira mtembo wa mwana wawo, ndinalira kulira kumene ndinakumeza pamaliro, inu mutandigwira paphewa.

Lamulungu likubwerali ndidzakhala pampando wanga wakale uja, kumbuyo kwa kwaya. Abusa, Aroma 3:25 ija sitinaimalize, mubwerebe.