Ndisanagule buku, ndimayamba ndafunsa

Semesita ikayamba, mphunzitsi aliyense amapereka mndandanda wa mabuku, ndipo ukaphatikiza mitengo yake mutu umaima. Masiku ano sindithamangiranso kukagula. Ndimadikira sabata yoyamba ithe, kenako ndimafunsa aphunzitsi mwaulemu kuti, "Pa mabuku onsewa, lomwe tizilitsegula sabata ndi sabata ndi liti?" Kawirikawiri amatchula limodzi. Enawo timangowerengamo mutu umodzi kapena iwiri, ndipo pa zimenezo laibulale imakwanira, makamaka mabuku aja amawasunga padera kuti munthu awerenge kwa maola ochepa n'kubweza.

Kumene ndapulumutsa ndalama zambiri ndi pa mabuku otuluka kale. Osindikiza amatulutsanso buku lomwelo pakapita zaka zochepa, ndiye lakale lija limagwa mtengo. Ndinayalapo lakale ndi latsopano la masamu patebulo limodzi, n'kumatsegula mutu ndi mutu. Mafotokozedwe ake anali omwewo. Zosintha zinali manambala a masamba, zithunzi zingapo, ndi kasanjidwe ka mafunso a kumapeto kwa mutu: funso lachisanu m'lakale linali lachisanu ndi chitatu m'latsopano. Choncho akatipatsa ntchito, ndimayang'ana mafunsowo m'buku la mnzanga, kuwerenga kwenikweni ndimachitira m'langa. Pa masamu ndi fizikisi zimenezi zimayenda bwino, koma pa zamalamulo, zamisonkho kapena zamankhwala musayerekeze, chifukwa kumeneko zinthu zimasinthadi.

Pogula kwa munthu kapena pa intaneti, onani nambala ya ISBN kuseri kwa buku, yomwe kuyambira 2007 imakhala ndi manambala 13. Ndiyo imakuuzani ngati lili lomwelo kapena ayi. Funsaninso ngati phunzirolo limafuna khodi yolowera pa tsamba la bukulo pa intaneti. Khodi yotere imagwira kwa munthu mmodzi basi, ndiye buku logwiritsidwa kale ntchito limabwera khodi yake itatha. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa zimatseka njira yomwe ophunzira osowa akhala akudalira, yopatsirana mabuku.

Aliponso mabuku aulere ovomerezeka, osati obedwa. OpenStax, ya ku Rice University ku Texas, inayamba mu 2012 kutulutsa mabuku a koleji a bayoloje, kemisitire, masamu, zachuma ndi ena, ounikidwa ndi akatswiri, ndipo aliyense angawatsitse osalipira kanthu. University of Minnesota ili ndi Open Textbook Library, pomwe MIT OpenCourseWare, ya yunivesite ya MIT ku America, imapereka manotsi ndi mafunso a maphunziro ake. Mutu ukandivuta m'buku la m'kalasi, ndimakauwerenga kumeneko, ndipo kumva chinthu chomwecho chitafotokozedwa mwanjira ina kumanditsegula maso.

Buku lomwe ndimagula latsopano ndi la phunziro lenileni la ntchito yanga yam'tsogolo, lomwe ndidzalifunabe ndikamaliza koleji. Limenelo ndimalembamo m'mbali momasuka. Enawo sindilembamo, ndimawasamala kuti mayeso akangotha ndiwagulitse kwa a chaka chotsatira, osindikiza asanatulutse lina.