Mawu othokoza nditamaliza maphunziro a ntchito yosamalira anthu

Ndamaliza digiri yanga ya ntchito yosamalira anthu, imene ndakhala ndikuphunzira uku ndikugwira ntchito kuno ku Chipata, ndipo ndaona kuti n'koyenera kuthokoza poyera amene anandigwira dzanja.

Ndiyambe ndi inu Amayi amene mumatiyang'anira pa ntchito. Mukatikhazika pansi kumapeto kwa mlungu simuwerenga mafomu okha, koma mumafunsa aliyense mmene anamvera atalowa pakhomo la munthu, zimene zinamuwawa mumtima, ndiponso ngati kupweteka kumeneko sikunamuchititse kuweruza banjalo msanga. Mafunso otere ndi olemera, ndipo ena timawaopa, koma ndi amene amaphunzitsa munthu kudziwa pamene ali ndi mphamvu. Inu munaona kuti ine ndimatha kukhala chete nthawi yaitali mpaka mwana wamantha atayamba kulankhula yekha, choncho munandipatsa nkhani za ana, pomwe mnzanga wakuthwa pa manambala munamuika pa kaundula wa Social Cash Transfer, ndondomeko ya boma yopereka ndalama kwa mabanja ovutika. Mwa kuona kwanga, kugawa ntchito motere kunathandiza anthu kuposa misonkhano yambiri imene takhalapo.

Ndikuthokozanso a makomiti a m'midzi oona za chisamaliro cha anthu, otchedwa CWAC, amene amayenda wapansi kapena pa njinga osayembekezera malipiro. Pulezidenti Hakainde Hichilema atalengeza mu February 2024 kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse, inu ndi amene munkadziwa gogo amene akulera adzukulu yekha ndiponso nkhokwe imene yatheratu. Munandiphunzitsanso kufunsa banja zimene lili nazo kale, kaya ndi dimba, mbuzi kapena achibale odalirika, ndisanayambe kulemba zimene likusowa, pakuti munthu amene wafunsidwa za umphawi wake wokha amachoka ataweramitsa mutu.

Kwa mafumu athu, a m'dera la Nkhosi yama Nkhosi Mpezeni ndi a pansi pa Kalonga Gawa Undi, ndikuwomba m'manja. Lamulo la ana la Children's Code linakhazikitsidwa mu 2022, ndipo mu 2023 lamulo la maukwati linasinthidwa kuti ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 ukhale wosaloledwa ngakhale utamangidwa pa mwambo, koma mtsikana amabwerera ku sukulu pamene mfumu yaitana makolo pabwalo n'kulankhula nawo mosabisa. Apolisi a Victim Support Unit, nthambi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, komanso inu amene mumayankha foni yothandiza ana ya 116, nanunso zikomo chifukwa cha nkhani zimene tinasenzera limodzi.

Pomaliza ndithokoze amuna anga ndi apongozi anga, amene ankasamalira ana pa nthawi ya mayeso, komanso anzanga a mu ofesi amene ankatenga maulendo anga a kumidzi popanda kudandaula. Amayi, ndikupempha kuti misonkhano ya kumapeto kwa mlungu ija ipitirire, ndipo ophunzira amene akubwera kudzayesera ntchito chaka chino mundilole ndikhale nawo pansi monga momwe inu mumachitira ndi ife.