Kompyuta ya bambo tsopano imangolowa yokha, koma pasiwedi ilipo

Bambo anga ndi munthu woti akalemba pasiwedi kawiri ikakana, basi amazimitsa kompyuta nkukakhala phee ngati yawalakwira. Nde desktop yakale ija ndinawaikira kuti aziwonera mavidiyo ndi kuwerenga nkhani pa intaneti, sabata iliyonse foni inkalira, "Iwe, chinthu chako chija chakananso." Ukafufuza upeza Caps Lock yayaka osadziwa, kapena aiwala kuti kumapeto kuli nambala. Ine kutopa.

Tsiku lina ndinangoti basi pasiwediyo ndiichotseretu. Settings, Accounts, Sign-in options, Password, Change, kulemba yakale, mabokosi a yatsopano kuwasiya opanda kanthu nkumaliza. Izitu zimatheka chifukwa akaunti yawo ndi ya pakompyuta pompo, ija amati local account, osati ya Microsoft yolowera ndi imelo. Kuzimitsa, kuyatsa, Windows inangodutsa mpaka pa desktop osafunsa kalikonse. Bambo kuseka, ine kudzimva katswiri.

Sipanathe masiku atatu. Pa kompyutayo pali foda ya zithunzi za banja yomwe ndinaitsegulira pa netiweki kuti ndizitenga ndili pa laputopu yanga, nde ndikulemba dzina la akaunti, pasiwedi kusiya blank monga ilili, ikukana. Ndabwerezanso, ikukana. Ndinayamba kunamizira rauta mpaka kuizimitsa kawiri, pamene vuto ndinalipanga ndekha. Kuyambira nthawi ya Windows XP pali lamulo lomwe limabwera loyatsa kale, "Limit local account use of blank passwords to console logon only", kutanthauza kuti akaunti yopanda pasiwedi imalowa pokhapokha munthu wakhala pa kiyibodi ya kompyutayo. Pa netiweki ayi, Remote Desktop, ija yoyendetsera kompyuta uli pa kompyuta ina, ayi. Mutha kulizimitsa lamuloli koma ine nditaganiza bwino ndinaona kuti amene analiika sanali wopusa, chifukwa aliyense wolumikizidwa pa WiFi yanu akanangolemba dzina la akaunti nkulowa.

Apa mpamene ndinazindikira kuti ndimasakaniza zinthu ziwiri. Kukhala wopanda pasiwedi ndi china, kulowa osailemba ndi chinanso. Bambo samadana ndi pasiwedi, amadana ndi kuilemba basi.

Nde ndinaibwezera, yaitali bwino nthawi ino poti palibe woiloweza pamtima. Kenako Windows ndi R pa kiyibodi, kulemba netplwiz, Enter. Pamenepo pamayenera kukhala kabokosi kolembedwa "Users must enter a user name and password to use this computer", umachotsa chichongi, Apply, kulemba pasiwedi kawiri, zatha. Koma kwa ine kabokosiko kunalibe, abale. Kuyambira Windows 10 version 2004 ija ya 2020, komanso pa Windows 11, kamabisika ngati njira yolowera ndi Windows Hello yokha, ija ya PIN, chala kapena nkhope, ili yoyatsa. Ena amangoizimitsa ku Sign-in options kabokosi nkubwera. Ine ndinachita kulowa mu regedit, pulogalamu yosinthira ma settings amkati mwa Windows, pansi pa Windows NT, CurrentVersion, PasswordLess, Device, pali kanthu kotchedwa DevicePasswordLessBuildVersion, kusintha 2 kukhala 0, kutsegulanso netplwiz, kabokosi katulukira. Mu regedit musamagwiregwire zina chonde, sinthani chomwe mwalowera nkutuluka.

Pali njira ina yomwe anthu amakonda kuphunzitsana, yolemba nokha AutoAdminLogon, DefaultUserName ndi DefaultPassword mu Winlogon, gawo lina la mu regedit momwemo. Imagwira ntchito inde, koma pasiwedi imakhala pamenepo poyera, zilembo zake zenizeni, wotsegula regedit amangoiwerenga. Ya netplwiz komanso kapulogalamu ka Autologon ka mu gulu la zida za Microsoft lotchedwa Sysinternals zimaisunga mobisa. Osati kuti ndi chitetezo cha mpanda wa njerwa ayi, munthu amene ali administrator ndipo akudziwa zomwe akuchita atha kuitulutsabe, komabe zikusiyana ndi kuisiya pambalambanda.

Chomwe ndinachita chomwe ndikuona kuti ndi chofunika kuposa zonsezi, akaunti ya bambo ndinaitsitsa kukhala standard, ija yopanda mphamvu zosinthira kompyuta yonse, ya administrator ndi yanga ndipo ili ndi pasiwedi yakeyake. Chifukwa akaunti yolowa yokha ikakhala administrator, mwana aliyense wobwera kudzacheza akafuna kuika gemu amangodina Yes pa kafunso kopempha chilolezo kamene Windows imafunsa basi zalowa. Pano kamafunsa pasiwedi yanga. Ndipo ndikafuna kulowa ine, ndimagwira Shift pamene ikuyaka kuti iime pa sikirini yolowera, kapena ndimangoisiya ilowe ya bambo nkusintha user pambuyo pake, zomwe kunena zoona ndi zimene ndimachita kawirikawiri poti Shift ija nthawi zina ndimachedwa kuigwira.

Pa laputopu yanga sindingayerekeze zimenezi. Imayenda nane, mu browser imelo ndi yotsegula kale, wakuba angoyatsa nkupeza zonse zili mbee. Ngakhale Mac imakana automatic login ngati FileVault, ija yobisa zonse za pa disiki, ndi yoyatsa, pa chifukwa chomwecho. Ya bambo siichoka patebulo, ndipo ndinawapempha kuti za banki asamachitire pamenepo.

Ndinkaganiza kuti nkhani yatha, madzulo ake foni. "Yafunsanso." Kompyuta inagona, podzuka nkufuna pasiwedi, yaitali ija yomwe saidziwa nkomwe. Kulowa kokha kumagwira poyatsa basi, osati podzuka ku sleep. Ku Sign-in options komweko pali funso loti Windows izifunsanso liti munthu akachokapo, ndinaika Never. Ndinalembanso pakapepala nkumata mkati mwa kabati yanga kuti tsiku lomwe ndidzasinthe pasiwedi ndidzabwerere ku netplwiz, chifukwa Windows imapitiliza kuyesa yakale nkumakanidwa poyatsa, ndipo foni ya bambo ndikuidziwa mmene imalirira.