Sabata ya 7: ndakapeza kanyama ka Kinorhyncha

Lachinayi usiku, ndikuyang'ana mbale yachitatu ya matope a m'nyanja pa maikulosikopu, ndinaona kanthu koyenda mosiyana ndi tinyongolotsi tonse tija. Kamatulutsa mutu wodzaza ndi minga, n'kugwira pa kadothi, n'kudzikoka, kenako n'kubweza mutuwo mkati. Ndinakayang'ana nthawi yaitali ndisanakumbuke zojambula.

Masabata 6 apitawa ndinkangosefa matope a m'nyanja yamchere pa sefa ziwiri, ya mamilimita 0.5 pamwamba ndi ya 0.063 pansi. Zimene zinkatsala zinali ma nematode (tinyongolotsi tija), tima copepod (tinyama tating'ono ta m'gulu la nkhanu) tochepa, kenako ma nematode enanso. Zinasintha nditayesa njira ya wasayansi Robert Higgins yogwirira tinyama tating'ono ta m'matope a m'nyanja totchedwa Kinorhyncha. Umavundula matope mu ndowa ya madzi amchere mpaka achite thovu. Khungu la tinyamati siligwirizana ndi madzi, ndiye thovu likatikweza timakakamira pamwamba osamiranso. Ukatero umayala pepala pamadzipo, n'kulinyamula, n'kulitsukira mu sefa. Pepala wamba lija, koma ndi limene landipatsa zomwe sefa inalephera.

Ndawerenga zigawo za thupi lake katatu ndipo zakwana 11, monga ziyenera kukhalira pa Kinorhyncha. Pamenepo m'pamene maikulosikopu yanga yathera mphamvu. Kuti utchule mtundu weniweni umafunika kuona minga ndi timachubu pa chigawo chilichonse, kuti zakhala mbali iti. Maso anga akuti ndi Echinoderes, kagulu kamodzi ka m'gulu la Kinorhyncha, koma m'kope ndangolemba "Kinorhyncha" basi. Dzina sindilemba mongoganizira.

Matope angawa ndi a madzi osaya. Komabe ntchito imeneyi yandithandiza kumvetsa chifukwa chake tinyama ta pansi penipeni pa nyanja tambiri tilibe mayina. Kafukufuku wa mu 2023 wa dera la Clarion-Clipperton ku Pacific anapeza mitundu yoposa 5,000, ndipo pafupifupi 90 pa 100 iliyonse sinalembedwepo ndi asayansi. Kanyama kamodzi kanditengera mausiku awiri, nanga masauzande? Ndipo kumeneko n'kumene makampani akufuna kukakumba miyala ya manganese. Zimenezi zimandisowetsa mtendere.

Tsopano mtima uli pa Loricifera, gulu lina la tinyama tating'ono ta m'nyanja limene wasayansi Reinhardt Kristensen analilongosola mu 1983 kuchokera m'timiyala ta ku Roscoff, ku France. Iti timamatirira kwambiri pa mchenga, ndipo timataya pogwira ukatidzidzimutsa ndi madzi opanda mchere. Ndasunga kale botolo la mchenga wosakanikirana ndi zigoba zophwanyika. Loweruka ndiyesa.