Manja kumbuyo, galu asake yekha

Patha miyezi inayi chiyambire kuphunzira za agalu osaka ndi mphuno. Loweruka lililonse m'mamawa ndimanyamuka ku Chilomoni ndi galu wanga Kambuku, kupita pa kabwalo kena m'munsi mwa phiri la Michiru. Kumeneko madala ena, amene akalambira pa ntchito ya agalu, amatiphunzitsa anthu atatu. Ndikulemba izi kuti ndisaiwale mmene ndinatsala pang'ono kumuwononga galu wabwino ndi manja anga omwe.

Tsiku loyamba madalawo anaponya mpira pamtetete, agalu onse atatu n'kuuthamangira. Iwo sanayamikire ngakhale mmodzi. Kenaka anatiuza kuti aliyense agwire wake pakhosi. Anaponya mpira uja m'tsekera, tinawatembenuza agalu kuti asaone pomwe wagwera, tinadikira pang'ono, n'kumawamasula mmodzimmodzi. Wa mnzanga, chigalu chachikulu cha mtundu wa German Shepherd, analowa ndi liwiro, anazungulira kawiri, n'kubwerera kudzakhala pamapazi pa mbuyake. Kambuku, galu wachikuda wamakutu oima, amene ndinamutola ali kamwana ku Ndirande, analowa osatulukanso. Tinkangoona nsonga za udzu zikugwedera ndi kumva mphuno ikulira fu-fu-fu. Anatuluka patapita nthawi ndithu, mpira uli kukamwa, chisoso chili thupi lonse.

"Mwana wanga," anatero madalawo, "kuthamangitsa chimene ukuona n'kwa galu aliyense. Ntchito yathu imafuna galu wofuna chimene sakuchiona."

Pa Chingerezi khalidweli amati hunt drive, ine ndimati njala yosaka. Alenje a kwathu ankaidziwa kalekale. Pa uzimba galu wotamandika sankakhala wothamanga kwambiri uja ayi, koma amene ankagwira fungo la kalulu n'kulilondola osalitaya mpaka kuuna.

Mphuno yokha si vuto, agalu onse ali nayo. M'mphuno mwa galu muli timaselo tolandira fungo toposa 200 miliyoni, pomwe ife tili nato 5 kapena 6 miliyoni. Akamanunkhiza amakoka mpweya pafupifupi kasanu pa sekondi imodzi, ndipo wotuluka umadzera m'timing'alu ta m'mbali mwa mphuno, choncho suuluza fungo lomwe lili kutsogolo. Chimene chimasiyanitsa galu wa ntchito ndi wapakhomo n'chakuti apitiriza kwa nthawi yaitali bwanji asanapeze kanthu. Agalu amene amafufuza minyanga ya njovu ndi mamba a ngaka pa mabwalo a ndege amanunkhiza zikwama zambirimbiri zopanda kalikonse, ndipo chikwama chotsiriza chiyenera kununkhizidwa ndi mtima womwewo ngati choyamba.

Nditawerenga za Wolfram Schultz, amene ankafufuza ubongo wa anyani m'zaka za m'ma 1990, ndinamvetsa chimene ndinkaona pa Kambuku. Iye anapeza kuti nyama ikazolowera, mankhwala a mu ubongo otchedwa dopamine amakwera pomwe chizindikiro chaoneka kuti mphotho ikubwera, mphothoyo isanafike n'komwe. N'chifukwa chake Kambuku amayamba kunjenjemera ndikangotulutsa chingwe chake chofiira, usipa usanatuluke m'thumba. Kusakako pakokha kumamukomera.

Tsono apa ndi pomwe ndinalakwa. Kunyumba ndinkamuphunzitsa fungo la masamba a tiyi, amene ndinkaika m'kachitini kobowola n'kubisa mu imodzi mwa makatoni asanu. Ndimamukonda galuyu, ndipo akachedwa mtima unkandipweteka. Ndinkasendera pafupi ndi katoni yoyenera. Nthawi zina ndinkaloza ndi phazi, kapena kungoima chilili pamenepo. Patapita masabata atatu, Kambuku anasiya kuika mphuno pansi. Ankafika pa katoni iliyonse n'kundiyang'ana kumaso. Ndikapuma mozama, iye n'kukhala pansi kudikira usipa. Ine ndinkasangalala kuti wayamba kupeza msanga.

Madala aja anaona kamodzi kokha. Anabisa okha kachitini ine nditatembenuka, ndipo Kambuku anakhala pa katoni yopanda kanthu, maso ali pa ine. Ndinamva manyazi, komanso chisoni, chifukwa galu analibe mlandu. Anaphunzira zomwe ndinamuphunzitsa: kuti yankho lili pankhope panga.

Vutoli si la ophunzira okha. Mu 2011, Lisa Lit ndi anzake a pa University of California, Davis anayesa magulu 18 a agalu a ntchito pamodzi ndi owayendetsa. M'zipinda munalibe mankhwala ozunguza bongo kapena zophulika, koma anthuwo anauzidwa kuti zilimo, ndipo pena panaikidwa pepala lofiira ngati chizindikiro. Agaluwo analoza molakwa koposa ka 200, makamaka pomwe panali pepala lija. Galu sadziwa tanthauzo la pepala lofiira, amadziwa thupi la mbuyake.

Mankhwala a vutoli amene madala aja anandipatsa ndi ovuta kwa munthu, osati kwa galu. "Manja kumbuyo, pakamwa potseka. Akakuyang'ana, iwe yang'ana phiri." Tinabwerera koyambirira, kubisa posavuta kuti azipeza yekha msangamsanga, kenaka kumatalikitsa pang'onopang'ono. Usipa ndimamupatsira pa kachitini pomwepo, mphuno ikadali pa fungo, osati akabwera kwa ine. Mlongo wanga ndiye amabisa tsopano, ine osaona. Ndipo timasiya galu akadafuna. Ichi chinandivuta kwambiri, poti tsiku limene zikuyenda bwino ndi limene umafuna kuonjezera kamodzi kena. Mphindi zisanu kapena khumi, chingwe chofiira chibwerere m'thumba iye akulirira.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Mu June, kukuwomba chiperoni, udzu uli ndi mame, Kambuku ankagwira fungo ali patali. Dzuwa la Okutobala lino ndi lina. Galu akatentha amapuma wefuwefu ndi kukamwa, ndipo sangawefuke n'kununkhiza bwino nthawi imodzi. Tsiku lina ndinkaganiza kuti wachita ulesi, pomwe anali ndi ludzu chabe. Pano timayamba 5 koloko, botolo la madzi lili m'manja.

Ena kwathu amandifunsa chimene ndikuvutikira ndi galu wachikuda. Ine ndimaganiza za zomwe ofufuza a ku Durham University analengeza mu 2018. Anapatsa agalu masokosi amene ana a ku Gambia anagona nawo usiku, ndipo agaluwo anazindikira 7 mwa 10 alionse a ana amene anali ndi tizilombo ta malungo, ngakhale anawo sankaoneka odwala. M'dziko ngati lathu, momwe malungo atilanda abale ambiri, nkhani imeneyi sindingaimve ngati yachilendo.

Loweruka lapitali madala anabisa kachitini pamphanda ya mtengo wa mango, pamwamba pofika m'chiuno mwanga. Kambuku anasesa pansi ponse osapeza. Anaima, n'kundiyang'ana kamodzi. Manja anga anali kumbuyo, zala zikukanikizana, maso ku Michiru. Ndinamva akubwerera m'udzu. Kamphepo katatembenuka, anatukula mutu, anayenda mokhotakhota ngati akukoka ulusi, n'kuimika miyendo yakutsogolo pamtengo paja.