Loweruka: Beetle ya 1974 yozima ikatentha

6 koloko m'mawa. Galimoto yagona m'garaja usiku wonse osailiza, ndipo tachitira dala. Ndi Volkswagen Beetle ya 1974, injini ya 1600 ya twin port, kabureta ya Solex 34 PICT-3. Eni ake akuti m'mawa imalira bwinobwino, koma ikayenda mphindi 20 imayamba kunjenjemera, ikaima pa maloboti imazima, pachitunda imafooka. Masikuluwu a kabureta apotokoledwa kale kangapo, mitu yake yachita kuperepeseka, koma vuto lili pompo. Pa injini iyi kabureta imakhudzidwa pomaliza. Timayamba ndi mavalavu, kenako mapointi (tizitsulo totseka ndi kutsegula magetsi a moto wa mapulagi), kenako taimingi (nthawi imene mapulagi amapereka moto), chifukwa chimodzi chikalakwika chimanamiza muyezo wa chinzake.

Mavalavu amayezedwa injini ili yozizira zii. Mpata wake ndi 0.15 mm, a intake ndi a ekizozi omwe. Mukaima kumbuyo kwa galimoto, silinda 1 ndi 2 ali kudzanja lamanja, 1 kutsogolo, 2 kumbuyo. 3 ndi 4 ali kumanzere, 3 kutsogolo. Tinachotsa chivundikiro cha distributor, chipangizo chogawira moto ku mapulagi, n'kuzunguza injini ndi sipanala ya 30 mm pa bawuti ya pule yapansi mpaka rotor, kamkono kozungulira m'kati mwake, italoza kamzere ka m'mphepete mwa distributor, chizindikiro cha pule chitalunjika pamsoko wa pakati pa injini. Pamenepo silinda 1 ali pamwamba. Injini iyi imawotcha motsatana 1-4-3-2, ndiye mukamaibweza m'mbuyo theka la mzungulo nthawi iliyonse, masilinda amabwera 1, 2, 3, 4 popanda kusokonezeka.

Silinda 1, 2 ndi 4 anali pafupi ndi muyezo. Valavu ya ekizozi ya silinda 3, yomwe ndi yakunja, inakana feeler gauge (kachitsulo kopyapyala koyezera mpata) ya 0.15, inakananso ya 0.05. Apa ndiye poopsa. Valavu ya ekizozi imataya kutentha kwake ikakhala pampando wake. Ikasowa mpata, ikatentha n'kutalikako pang'ono, sitsekanso bwino: mphamvu imathawira ku ekizozi, moto umanyambita m'mphepete mwake mpaka kupsa. Ikapitirira, mutu wa valavu umaduka n'kugwera pa pisitoni. Valavu yolira kuti tekete-tekete ingosokosa. Yachete ndiye yogwetsa injini. Tinamasula nati ya 13 mm, kubweza sikuluwu mpaka feeler gauge izilowa mokoka pang'ono, kumanga nati titagwira sikuluwuyo, n'kuyezanso, poti pomanga mpata umakonda kusuntha. Gasiketi za zivundikiro taika zatsopano. Zakale zikauma zimadontheza oyilo pa ekizozi.

8 koloko. Mapulagi onse anayi kunja. Awiri ndi ofiirira bwino, koma ya silinda 3 ndi ya 4 nsonga zake zayera mbuu. Kuyera kumeneku kukusonyeza kuti mbali yakumanzere ikulandira mpweya wambiri, petulo wochepa. Tinasunga mfundo imeneyi. Poyeza compression (mphamvu yopanikiza mpweya mu silinda), 1, 2 ndi 4 anapereka pakati pa 115 ndi 120 psi, silinda 3 anapereka 105. Ndi wotsika koma sanafe. Mapulagi atsopano ndi NGK B5HS, mpata 0.6 mm. Mutu wa injini ndi wa aluminiyamu, choncho pulagi imayamba kulowetsedwa ndi zala. Sipanala imabwera pulagi italowa kale yokha. Ikalimba pa mzungulo wachiwiri, ibwezeni, yalowa mopingasa.

Mapointi anali atatsekeka mpaka 0.25 mm m'malo mwa 0.4 mm. Kapulasitiki kokhuza pa cam, chitsulo chozungulira chotsegula mapointi, kamadyeka, makamaka cam ikakhala youma, ndiye mpata umachepa, ndipo moto umayamba kuchedwa. Taika mapointi ndi condenser zatsopano, kagirizi kongofanana ndi mutu wa machesi pa cam, basi. Girizi akachuluka amathamangira pa mapointi n'kuwawotcha.

Distributor ya galimoto iyi si yake yochokera ku fakitale. Ndi Bosch 009, yopanda kachitini ka vacuum. Izi n'zofunika kudziwa, chifukwa chizindikiro cha pa pule chinadindidwira distributor ina, ndipo wochikhulupirira osafufuza amaika moto polakwika. Ya 009 imayezedwa injini ikulira mwamphamvu: pa 3,000 rpm kupita m'mwamba moto uzikhala pa madigiri 28 mpaka 30 pisitoni isanafike pamwamba, osapyola 32. Poyambira tinagwiritsa ntchito kababu ka 12V, waya wina pa terminal 1 ya koyilo, wina pa chitsulo cha injini, pule titaiimika pa madigiri 7.5. Mukamasula nati ya 10 mm n'kupotoza distributor kubwerera kumanzere, babu likangoyaka imani pomwepo. Pambuyo pake, injini ikulira, timing light (nyali yoyezera taimingi) inatsimikiza madigiri 29. Moto wofulumira kwambiri pa injini yoziziritsidwa ndi mpweya ngati iyi umaboola pisitoni, ndipo phokoso la fani limabisa kugogoda koti kukanakuchenjezani.

11 koloko. Injini inalira kamodzi n'kamodzi. Kwa mphindi zochepa inayenda mosalala, kenako choke itatseguka yokha inayambanso kutsamwa n'kuzima. Ichi ndicho chinsinsi cha dandaulo lija. Injini ikakhala yozizira choke imawonjezera petulo, ndiye mpweya wolowera pabowo losayenera sumveka. Choke ikatseguka, bowolo limaonekera poyera.

Tisanapite patali tinayesa solenoid ya m'mbali mwa kabureta, yotseka njira ya idle (kulira kwa injini galimoto itaima) kiyi akazimitsidwa: kiyi woyatsa, kuzula waya wake n'kuugunditsanso. Inamveka kuti tche, ndiye ili moyo. Ikafa, injini sikhazikika pa idle ngakhale pang'ono. Kenako tinapopera carb cleaner pang'onopang'ono pa manifold, payipi yochokera ku kabureta kupita kumitu ya masilinda, injini ikulira, chozimitsira moto chili pambali. Pa mphira yakumanja panalibe kusintha. Pa yakumanzere liwu la injini linasintha nthawi yomweyo. Injini za twin port zili ndi mphira ziwiri zolumikiza payipi yapakati ya manifold ndi zigawo za kumitu. Yakumanzere inali yong'ambika kunsi, komwe diso silifika. Mapulagi oyera aja ankanena zoona, ndipo kutentha kwa mbali imeneyi kuyenera kuti kwathandizira kufinya valavu ya silinda 3. Tasintha mphira zonse ziwiri pamodzi ndi gasiketi za pamitu. Kumata ndi silikoni n'kutaya nthawi, petulo amaisungunula.

2 koloko masana, kabureta tsopano. Pa 34 PICT-3 kasikuluwu ka pa mkono wa throttle si kokwezera idle, ngakhale ambiri amathamangira komweko. Kamangofunika kukhudza sitepe yotsikitsitsa ya choke n'kuwonjezera kotala ya mzungulo. Kumanzere kwa kabureta kuli masikuluwu awiri. Kakang'ono, koikira kuchuluka kwa petulo, tinakalowetsa mofatsa mpaka kugunda, n'kukatulutsa mizungulo iwiri ndi theka. Yaikulu ndiyo yoikira liwiro, tinaiika pa 850 rpm injini itatentha. Kenako kakang'ono kaja tinakatulutsa mpaka injini italira mokwera kwambiri, n'kukabweza pang'ono, n'kukonzanso liwiro ndi yaikulu. Kuzengereza pang'ono ponyamuka kwatsalabe. Ndi khalidwe la 009 ikakumana ndi kabureta iyi, ndipo mankhwala ake enieni ndi distributor ya vacuum.

Mapayipi a petulo tawataya onse. Anali akale okulungidwa ndi nsalu, kunja ooneka abwino, m'kati ong'aluka. Petulo wa kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, pomwe fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, ndipo mphira zamakedzana sizigwirizana naye. Payipi yoyenera ndi ya 5.5 mm m'kati. Ya 6 mm imalowa koma imagwedera. Kapayipi ka mkuwa kolowetsa petulo mu kabureta tinakagwedeza ndi zala, chifukwa n'kongokhomerera, ndipo kakazuka petulo amathira pa distributor. Beetle zambiri zapsa motero. Fyuluta ya pulasitiki imene inkalendewera pakati pa pampu ndi kabureta taisamutsira pansi, kunja kwa chipinda cha injini.

Za kuziziritsa zinatenga ola lathunthu. Mphira yozungulira injini inali itatha theka, ndiye fani imakoka mpweya wotentha wochokera pansi, wa ku ekizozi, n'kuuthiranso pa masilinda. M'nyengo yotentha ya Okutobala zimenezi zokha zikhoza kupha injini. Timphira ta pa mawaya a mapulagi tiwiri tinali titasowa, taikapo. Kuseri kwa fani tinatulutsako kansanza. Lamba amalimbitsidwa pochotsa mawashala pakati pa mbale ziwiri za pule yapamwamba. Mukamudina ndi chala pakati azilowa pafupifupi sentimita imodzi. Lamba yemweyu ndiye amazunguza fani, choncho getsi lofiira la chaji likayaka pamsewu, imani pomwepo.

Oyilo: malita 2.5 a 20W-50. Injini iyi ilibe fyuluta, ili ndi kasefa ka waya kunsi komangidwa ndi manati 6 a 10 mm. Tinakatsuka ndi parafini, munalibe tizitsulo. Manatiwo amamangidwa mopepuka, 7 Nm, apo ayi mabawuti amazuka. Chifukwa chosowa fyuluta, oyilo asapyole makilomita 5,000.

5 koloko madzulo. Makilomita 15 oyesera, chitunda chimodzi chachitali pa giya yachitatu. Sinazime poima paliponse, ndipo dipstick imagwirika ndi zala osapsa. Pa kakhadi ka m'galimoto talembapo mpata wa valavu iliyonse monga tinaupezera m'mawa. Ikayenda makilomita 500 ibwere madzulo idzagone, tidzayezenso ya ekizozi ya silinda 3. Ikadzapezeka yafinyikanso, injini itsika, mutu wakumanzere uchoke, mavalavu a ekizozi asinthidwe.