Kukwera Diamond Hill Kudzera M'madambo a Connemara

Basi yochokera ku Galway imakutsitsani pa Letterfrack, kamudzi ka pamsewu wa N59 kumadzulo kwa Ireland. Mukayenda pansi pang'ono mwafika pa ofesi ya alendo ya Connemara National Park, yomwe inatsegulidwa mu 1980. Polowa salipiritsa.

Njira yazizindikiro zabuluu ndi ya makilomita 3 ndipo imazungulira m'munsi mwa phiri la Diamond Hill. Yofiira imayambira pamene yabuluu yakwera kwambiri, n'kukafika pansonga pa Diamond Hill, mamita oposa pang'ono 440. Zonse pamodzi ndi makilomita pafupifupi 7, ulendo wa maola awiri ndi theka kapena atatu. Amene anakwerapo Mulanje angaone ngati n'kachulu, koma chovuta kuno ndi dambo komanso mphepo.

Damboli silili ngati la kwathu lolimamo dimba. Mvula imagwa pafupifupi mwezi uliwonse, choncho udzu ndi ndere zikafa siziwola bwino chifukwa madzi ndi ochuluka ndiponso ali ndi asidi. Zimangounjikana, pafupifupi milimita imodzi pachaka, n'kupanga dothi lakuda lonyowa limene anthu akumeneko amalitchula kuti turf, ndipo akaliumitsa amasonkhera moto. N'chifukwa chake m'malo onyowa anayalamo matabwa. Musachokepo. Malo obiriwira kwambiri, ooneka osalala ngati kapinga, ndi amene amameza mwendo mpaka m'bondo, ndipo phazi likang'amba pamwamba pamatenga zaka kuti patsekeke. Gwadani m'mphepete mwa matabwawo muone kachomera kotchedwa sundew. Masamba ake ndi aang'ono ngati chikhadabo, ali ndi tiubweya tofiira tokhala ndi timadontho tomata ngati ulimbo, ndipo amagwira tizilombo kuti apeze chakudya chimene dothilo lilibe.

Njira yofiira ili ndi masitepe amiyala. Mwala wake ndi quartzite, woyera, wonyezimira dzuwa likawala mvula itangokata, koma ukanyowa umaterera, makamaka potsika. Pamwamba mphepo yochokera ku Atlantic imawomba popanda chotchinga. Ngati kuli chimphepo kapena chifunga chaphimba nsonga, bwererani pa njira yabuluu basi. Kukayera, mumaona Kylemore Abbey, nyumba yaikulu ya masisitere, pansi m'mbali mwa nyanja yake, mapiri a Twelve Bens kum'mawa, ndi zilumba za Inishbofin ndi Inishturk.

Valani nsapato zosalowa madzi zokhala ndi mapazi ogwira, jekete yamvula, ndi juzi mkati. Jinzi isiyeni kunyumba: ikanyowa siuma, imalemera ndipo imakuzizitsani thupi lonse. Ambulera mphepo imaitembenuza. Madzi lita imodzi ndi kamba zimakwana. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti, madzulo kukakhala bata, kumabwera tintchentche toluma totchedwa midges, choncho tengani mankhwala odzola, ndipo mukatsika dzifufuzeni nkhupakupa m'miyendo. M'Disembala kumada isanakwane 5 koloko, ndiye nyamukani m'mawa. Pakagwa ngozi imbani 112 kapena 999 mupemphe opulumutsa anthu m'mapiri.